Dzimbiri la Rowan Silitsukidwa

Adelaide, 14 Juni

Okondedwa alamu Fergus,

Foni ya kuchipatala inandipeza kuntchito, ku labotale ya yunivesite, magolovesi ali m'manja. Anati mng'ono wanu Rowan watisiya. Zotsatira zake munaziona nokha pamaliro. Ine ndili bwino, kungoti mabuku akundikana.

Mukukumbukira tizidutswa ta silikoni, ija ya m'makompyuta, timene Rowan ankatisungunula pang'onopang'ono mu asidi ndi magetsi? Ankatisunga m'kabati ya ku labotale kwathu kuti mpweya utikute ndi kakhungu konga dzimbiri. Ankalimbikira kuti tikatiunika ndi nyale yapadera, chimene chimawala mofiira ndi kakhunguko, osati silikoniyo. Anzake ankamuseka.

Lolemba abwana athu a Pellegrini anati, "Nerida, timeneti tachita dzimbiri ngati galimoto ija ya Rowan. Tiviike mu asidi tiyere, ophunzira agwiritse ntchito."

Ndinati, "Abwana, dzimbirilo ndiye umboni wake. Ngati nkuviika, muyambe mwandiviika ine."

Kabatiyo ndinaikiya. Akuti za ntchito yanga tikambirana mawa, koma musade nazo nkhawa. Kunyumba sindinalowebe m'chipinda chowerengera cha Rowan. Zimenezo tidzakamba pamaso.

Tizidutswa tonse tilipo, palibe kamene katsukidwa, ndipo kiyi ali ndi ine.

Mlamu wanu,
Nerida