Tivi Yatsopano Idzaulula Maso a Bambo Anga

Aphungu,

Kalata iyi ndakhala ndikuiyamba n'kuing'amba kwa mlungu wathunthu. Ndimaopa kuti munena kuti anthu ali ndi mavuto enieni, ine ndikulira za tivi. Koma chonde ndimvereni mpaka kumapeto.

Ndine mayi wa zaka 41, woyamba kubadwa mwa ana anayi. Ndimakonza makompyuta pa ofesi ina, ndiye kwathu chilichonse chokhala ndi waya chikavuta amaitana ine, ngakhale ketulo. Bambo anga akwanitsa zaka 70 masabata atatu akubwerawa, ndipo ife ana tinagwirizana zowagulira tivi yapamwamba, ija yoti ukaiona umafuna kuvula nsapato. Ntchito yosankha anaikankhira kwa ine.

Bambo anali wonyamula mbendera pa mpira kwa zaka 22. Mpaka lero anthu a mumsewu mwathu dzina lawo lenileni salidziwa, amangoti a Mbendera. Moyo wawo wonse anyadira maso awo. Tinakula tikumva mawu akuti, "Woyimbira atha kugona, koma wa mbendera saphethira." Mpira ukamaonetsedwa amakhala pampando wawo wa m'mbali, pafupi ndi khoma, mpango woyera uli m'manja. Wosewera akangopitirira ndi phazi limodzi, mpango m'mwamba, "Ofusayidi!" Kenako ndi pamene wa mbendera wa pa tivi amakweza yake. Anzawo atatu amabwera Loweruka lililonse masana, ndipo ndikhulupirira kuti amabwerera mpangowo kuposa mpira.

Chaka chino anayamba kudandaula. "Tivi iyi yakalamba, ikuonetsa chifunga." Ine ndimaiona bwinobwino, koma yatha zaka khumi ndi ziwiri, ndiye tonse tinavomereza. Ganizo la mphatso linachokera pamenepo.

Loweruka lapitalo ndinapita kukayeza khoma, mpira uli mkati. Tepi yoyezera inandipulumuka n'kugwera kuseri kwa mpando wawo. Nditagwada kuti nditole, ndinaona kawaya kakuda kakutuluka m'kolala ya shati kupita kukhutu la kumanzere, mbali ya kukhoma kumene sikukhala munthu. M'thumba la shati munali kawailesi kakang'ono. Aphungu, ine ndi wa zamawaya, ndinadziwa pompo. Mawu a pa wailesi amafika msanga, chithunzi cha pa dishi chimachedwa ndi masekondi angapo. Bambo akumva ofusayidi m'khutu, n'kukweza mpango ife tisanaione.

Anzawo atapita ndinafunsa, "Bambo, manambala ali pakona pa sikiriniyo akuti bwanji?" Anayang'anitsitsa sikiriniyo nthawi yaitali. Kenako anandigwira pamkono. Anati, "Mwana wanga, akulu anga analowa m'chipatala ndi diso limodzi loona, anatuluka akugwira makoma. Ine kumeneko sindipita. Ukauza mayi ako, wandivula pagulu." Chibadwire sindinawaonepo bambo akuchita mantha. Ndinalonjeza kuti sindinena.

Lolemba tinapita kushopu, ine, mayi ndi mlongo wanga, mzime wathu. Iyeyu ali ndi zaka 29, amagwira ntchito, koma akukhalabe pakhomo pa makolo, ndipo timamutchula Zala chifukwa akaweruka zala zake sizichoka pa chosewerera magemu. Wogulitsa anationetsa ma tivi atatu.

Yoyamba ndi ya mtundu wa OLED, mainchesi 65, yopyapyala ngati chivundikiro cha buku. Pakuda pamada zenizeni, moti filimu imaoneka ngati anthuwo ali m'chipinda momwemo. Zala anatsala pang'ono kuigwadira. "Achemwali, iyi ukangodina, munthu wa m'gemu walumpha kale. Zinazo ndi nthabwala." Koma ndinadziona nkhope pagalasi lake, ndipo pabalaza pa makolo pali zenera lalikulu limene dzuwa la masana limalowera, nthawi yeniyeni ya mpira. Ndinamvanso kuti chinthu chikakhalitsa malo amodzi pa sikirini yotere, monga kabokosi ka zigoli, chimatha kusiya chipsera.

Yachiwiri amaitcha mini-LED, mainchesi 75. Imawala mpaka kuthobwa m'maso, udzu wa pabwalo umachita kuwerengeka. Koma nditaima chammbali, monga mmene mpando wa bambo ulili, mitundu inafwifwa pang'ono. Yachitatu ndi chimphona cha mainchesi 85, chokongola chikaima, koma mpira ukaponyedwa patali umakoka kamchira.

Wogulitsa analankhula mpaka thovu kukamwa. Mayi, amene amakonda mafilimu awo atatseka makatani, ndimayembekeza kuti akakamira yoyamba ija. Iwo anangofunsa chinthu chimodzi: "Nanga yomveka bwino mawu ndi iti?" Masiku ano mayi sindikuwamvetsa. Munthu amene ankati mpira ndi phokoso la anthu osowa ntchito, pano amakhala nawo pabalaza n'kumadziyankhulira, "Ii, zafika kale ziwiri kwa chimodzi?" Katebulo ka maluwa kamene kakhala m'khonde la m'nyumba chibadwire ine anakachotsanso, akuti kamasunga fumbi. Mwina ndi ukalamba.

Tsopano mantha anga ndi awa. Tsiku la phwando ndi tsikunso la mpira womaliza wa chikho, ndipo anzawo onse aitanidwa. Tivi yakale ija ndiyo yakhala ikusenza mlandu wa maso awo. Tikaichotsa n'kuikapo yabwino koposa, adzanamizira chiyani? Ndikumuona kale Zala akufuula, "Bambo, mukuona thukuta la goloboyiyo? Werengani dzina kumsanako!" Ndikuwaona bambo, mpango uli pamwendo, anthu akuyang'anizana. Mphatso yathu yomwe ndiyo idzawavule, ndipo wosankha ndine.

Ndaganizapo zonama kuti katundu watha mushopu. Ndaganizapo zosankha dala yachimphona ija kuti apeze chodandaula. Tsiku lina ndimadzinyengerera kuti mwina yowala kwambiri ija iwathandizadi kuona, nkhani n'kutha yokha. Kuntchito ndayamba kulakwitsa zinthu zoti ndimapanga nditatsinzina, ndipo foni ikalira kuchokera kwa mayi ndimayesa kuti bambo agwa pa masitepe. Khoswe wakhala pamkhate, aphungu. Ndikanena, ndaphwanya lonjezo. Ndikakhala chete, maso akupita.

Ndigule iti? Kapena ndisagule n'komwe?

L.T.K., wa kuseri kwa siteshoni ya mabasi

*

Mwana wanga L.T.K.,

Wachita bwino osaing'amba ulendo uno. Wandifunsa za tivi, ndikuyankha, koma uyambe wadikira, chifukwa wabwera ndi mafunso awiri ndipo laling'ono waliika patsogolo.

Palibe tivi padziko pano imene ili mankhwala a maso. Ine si dokotala ndipo sindinganene chimene chavuta bambo ako, koma ndikudziwa izi. Chifunga cha m'maso mwa anthu achikulire nthawi zambiri chimakhala ng'ala, ndipo ng'ala madokotala amachotsa, anthu ambiri n'kuonanso bwino. Palinso matenda ena, monga obwera ndi shuga kapena kuthamanga kwa magazi, amene chimene atenga sabweza, koma akapezeka msanga amatha kuwaletsa kupitirira. Mbali zonse ziwiri, mdani wako ndi kalendala. Zimene zinachitikira akulu awo n'zomvetsa chisoni, koma sitikudziwa kuti ankadwala chiyani, kapena anapita mochedwa bwanji. Kuyezetsa si kuchitidwa opaleshoni. Munthu amakhala pampando, amamuunika, amamuuza, n'kubwerera kwawo ndi maso ake omwewo.

Za lonjezo lija, unalonjeza dzanja la bambo ako lili pamkono pako. Usalithyole kumbali, ukalibweze kwa mwini wake. Pita mawa, osati Loweruka pali anzawo. Ukhale nawo awiriwiri, unene mwaulemu koma mosazungulira: "Bambo, katundu munandisenzetsa uja wandilemera, sindingathe. Tiyeni kwa dokotala wa maso mlungu uno, ndikuperekezani ndine. Mayi muwauze nokha lisanafike Lachisanu. Mukapanda kutero ndidzawauza ine, inu muli pomwepo." Adzakalipa, mwina adzakuthamangitsa. Zisakuopse, mkwiyo wa kholo umaphwa. Ukawakumbutsenso za ntchito yawo. Wa mbendera amene sanaone bwino sakweza mbendera potsatira phokoso la anthu, ndipo iwo amadziwa zimenezi kuposa iwe ndi ine.

Tsopano tivi. Maganizo osankha dala yoipa uwataye, kumeneko n'kugula bodza lalikulu mainchesi 85. Yonama kuti katundu watha nayonso ingokugulira masiku ochepa. Kwa pabalaza pamene wafotokoza, zenera lalikulu ndi mpira wa masana, ine ndingatenge yachiwiri ija, yowala. OLED ndi mfumu m'chipinda chamdima, ndipo za chipsera zija pa zatsopanozi si zoopsa monga anthu amanenera, koma pa dzuwa imasanduka kalilole, ndipo mwini mphatsoyi saonera mpira mumdima. Ungotsimikiza kuti imene ukutengayo ndi ya 120Hz, kuti mpira usamakoke mchira, komanso kuti ili ndi makonzedwe a magemu ndi polowetsa pake poyenera makina a Zala. Zikakhalapo zimenezo, munthu wake wa m'gemu adzalumpha nthawi yake. Akadandaulabe, muuze kuti tsiku limene adzakwanitse zaka 70 tidzamufunsa.

Usakhulupirire zithunzi za maluwa ndi mathithi zimene amaonetsa mushopu, zinapangidwa kuti tivi iliyonse ioneke ngati mkwatibwi. Tenga mpira wojambulidwa pa fulashi, uwauze achotse makonzedwe a mushopu aike a kunyumba, uonere utakhala pansi pa mtunda wofanana ndi wa kwanu. Zofwifwa ukaima chammbali zili ndi mankhwala osavuta: mpando wa bambo uchoke kukhoma ubwere pakati, moyang'anizana ndi sikirini. Akadzasiya kubisa waya, kukhomako sadzakufunanso. Uwonjezepo sipika yabwino ya pansi pa tivi, chifukwa ma tivi opyapyalawa mawu ake amakhala ngati akuchokera m'chitini. Ndipo cholakwa chimene nonse munachita ndi ichi: munapita anthu atatu a maso abwino kukasankhira munthu amene munamusiya kunyumba. Mukachoka kwa dokotala, upite nawo kushopuko m'mawa wa pakati pa mlungu, kulibe anthu, akaone okha imene ikuwakomera. Kudzidzimutsa munthu ndi mphatso n'kokoma, koma osati ulendo uno.

Zala umuuze zoona phwando lisanafike, bambo atavomereza. Si mwana, ndipo pakamwa pake padzakhala bwino akadziwa. Anzawo atatu aja asiyire bambo, adzawauza okha mmene afunira. Anthu amene akhala limodzi Loweruka lililonse zaka zonsezi sathawa mnzawo chifukwa cha diso.

Chomaliza, ndipo apa undimvetsetse. Werenganso kalata yako, ndime ya mayi ako. Munthu wodana ndi mpira wayamba kutchula zigoli mokweza. Wachotsa tebulo panjira imene mwamuna wake amadutsa. Wafika pamaso pa tivi ya maloto ake, n'kufunsa za mawu okha. Iwe ukuti ndi ukalamba? Nanga shati ya kawailesi m'thumba amachapa ndani? Mayi ako akudziwa, mwana wanga, ndipo ndikuganiza kuti anadziwa kale iwe usanagwetse tepi. Akuwasungira ulemu monga mmene iwe ukuchitira, nawonso ali okhaokha ndi mantha awo. M'banja limenelo muli anthu atatu amene akubisirana chinthu chimodzi, aliyense akuyesa kuti akuteteza mnzake, pamene maso a munthu akunka nazilala.

Chenjezo langa ndi ili: usadikire kuti phwando lidutse kaye. Zengerezu adalinda kwaukwau. Tivi ukaipeza yatha mushopu, ibwera ina mwezi wamawa, koma masabata atatu a diso lodwala sitidziwa kuti atenga zingati. Bambo ako anaima m'mbali mwa bwalo zaka 22 kukweza mbendera anthu zikwi akuwatukwana, chifukwa chakuti anaona chinthu chimene ena sanafune kuti chionedwe. Ulendo uno waona ndiwe. Kweza mpango.

Aphungu