Ndawiritsa Mano a Apongozi

Lolemba, 3 Febuluwale

Mwana wanga andidwalira, ndikudziwa. Ndamupeza pansi pa tebulo akumung'unya mano a agogo ake ngati switi. Mzere wonse wa m'munsi, m'kamwa mwa Kabwana wanga wa miyezi isanu ndi inayi! Ake awiri akutuluka kumene, nkhama zikumuyabwa. Anakoka nsalu ya patebulo, tambula yosungiramo manowo pansi, madzi mbwee, mano n'kutola.

Apongozi aakazi amawavula tikatha kudya madzulo. Anali kubafa, sanaone.

Mano awo oikirirawa si wamba. Dokotala anaboola fupa la chibwano n'kubzalamo tizitsulo tinayi, kudikira miyezi kuti tigwire. Manowo amakhala pamwamba pa tizitsuloto, kungodina, khethe! Alamu aakulu anagulitsa njinga yamoto chifukwa cha mano amenewa. Zaka zonsezi apongozi ankaseka dzanja lili pakamwa. Pano amasekerera ndi khoma lomwe.

Kusikelo ya ana anatiuza kuti chilichonse cholowa m'kamwa mwa mwana tiziwiritsa. Ndimawiritsa botolo, supuni, kachidole. Nanga akawatolanso mawa? Ndawaponya m'poto, abwata bwinobwino, ndabwezera m'tambula. Mulungu, mwanayu asatsegule m'mimba.

Lachiwiri, 4 Febuluwale

Kabwana ali gwa. Wadya, wagona, thewera labwinobwino.

Koma mano. Sakulowa! Mbali ino ikati khethe, inayo yadzuka, ngati chivundikiro cha poto wina. Apongozi pagalasi m'mawa wonse, kudina, kuvula, kudina. Akuti, "Pakamwa panga pakula usiku umodzi?" Apongozi aamuna anati mwina kulongolola kwatambasula chibwano. Tiyi sanamuone.

Ine kutsuka mbale zotsuka kale.

Akadziwa andipitikitsa. Ndipita kuti ndi mwana? Nyumba ndi yawo. Ine ndinabwera pano ndi chikwama chimodzi ndi mimba. Bambo a Kabwana ali pamsewu ndi thiraki, kubwera mpaka mwezi uthe.

Lachitatu, 5 Febuluwale

Ndauza mayi wosoka zovala wa nyumba yachiwiriyi, poti mtima umafuna kundituluka. Waseka mpaka kugwetsa sizasi. Kenako akuti, "Mwanawe, chopindika ndi moto chimawongoka ndi moto."

Apongozi atagona masana, ndawiritsanso. Kugwira ndi nsalu, kukoka ndi pulayala ya apongozi aamuna. Zala ziwiri matuza. Tsopano mano onse apendekera kumanzere ngati anthu oyang'ana komwe kukuchokera basi. Lakutsogolo limodzi likugwedera.

Sindidzamveranso telala pa nkhani ya mano.

Loweruka, 8 Febuluwale

Lamulo latsopano: mwini nyumba sakutafuna, wina asatafune. Phala m'mawa, phala masana, madzulo mbatata yophwanya ngati ya Kabwana. Mlamu wamng'ono akudyera mtedza m'chimbudzi, ndamumva kukukuta. Apongozi aamuna ayamba kuyendera anzawo nthawi ya nkhomaliro yokhayokha.

Mkaka wanga wachepa. Phala lokha munthu woyamwitsa!

Kukwaya apongozi sanapite, chikhalirecho chiikireni mano amaima kutsogolo. Anzawo atabwera kudzawaona, dzanja linabwerera pakamwa. Kabwana anawasekerera, iwo kumuyankha milomo ili yotseka. Ndinapita kuseri kwa nyumba kukalira. Mayi ameneyu ndi wamkamwa, inde, koma usiku womwe ndinabereka ndi iye anandigwira dzanja mpaka kucha.

Ndinatsala pang'ono kunena. Ndinafika mpaka pakhomo la kuchipinda kwawo. Anati, "Ukufuna chiyani?" Ndinati mchere watha.

Lolemba, 10 Febuluwale

Apongozi anapita kwa dokotala m'mawa, mano atakulunga m'mpango, akuti akukamuuza mawu chifukwa chowagulitsa zinthu zofota. Njira yonse akuyeserera zokanena. Abwera ofatsa ngati nkhuku yonyowa.

Dokotala akuti anangoyang'ana kamodzi. "Amayi, mano awa aphikidwa. Ndipo wophikayo anamalizira ndi pulayala." Tizitsulo ta m'chibwano tili bwino. Manowo ndi ofunika ena atsopano, masabata angapo. Alamu aakulu atamva pafoni anangodula.

Mlandu wagwera apongozi aamuna, poti pulayala ndi yawo. Ndinapuma pang'ono, Mulungu andikhululuke. Koma madalawo anaimirira n'kunena, "Chikwatirireni sindinayatsepo mbaula m'nyumba muno. Ndiyambire mano?" Palibe anatsutsa. Ngakhale madzi osamba sadziwa kutereka. Mlamu wamng'ono nayenso anati iye ndi poto sadziwana, ndipo ndi zoona, ulesi wamupulumutsa.

Kenako apongozi anafunsa chapansipansi, akuyang'ana kudenga: "Kodi m'nyumba muno amawiritsa ndi supuni zomwe ndani?"

Ndinati Kabwana akulira. Sankalira.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Ndadzikiyira kuchipinda. Ndikulemba nditatsamira chitseko.

M'mawa apongozi anandiphikira okha tiyi, shuga masupuni atatu. Anandiyang'ana zala, anafunsa ngati matuzawa akupola. Anatenga Kabwana kuti ine ndipume. Ndipume! Pano ali panja pa chitsekochi, mwana ali m'manja, akuseka nawo, sakudziwa kuti ndi chikole.

Agogoda katatu, mofewa. "Mwana wanga, tatsegula, tingocheza."

Chibwerereni pano sananditchulepo mwana wanga. Ndimakhala iwe, kapena make uyu. Bola akanakalipa, kukalipa kwawo ndikukudziwa mathero ake. Izi zofatsazi ayi.

Foni ya bambo a Kabwana sikupezeka. Ndatumiza uthenga kwa amayi anga. Amayi, siyani zonse, kwerani chilichonse chili ndi mateyala, bwerani lero lino mudzandipepesere, inu mumadziwa kulankhula ndi akuluakulu. Fulumirani amayi, atuma mlamu kukatenga kiyi wina, ndikumva akubwera