Chitenje cha Amayi Chapita ku Ulaya

Okondedwa achimwene a Luka,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Bembeke tili bwino, kungoti chisanu chayambitsanso amayi chifuwa.

Mng'ono wanu Yosefe watinyaditsa. Ku yunivesite kuja wapeza thandizo lochokera kunja loti atsegule chipinda chofufuziramo matenda a mbatata ya kachewere, n'kumaphunzitsiramo ana athu omwe. Asanavomere, eni thandizowo anatuma dona wina kudzaona minda. Donayo anatsika galimoto pamsika atavala thalauza, anyamata a chipani ali pomwepo! Ine ndinati zonse zathera pano, poti boma limaletsa akazi kuvala thalauza.

Yosefe sanatekeseke. Anapempha chitenje chimene amayi anafunda, chija munatumizachi, n'kumuuza mlendoyo kuti, "Kwathu kuno mlendo wolemekezeka timayamba tamuveka, moni pambuyo." Donayo anachimanga m'chiuno mokondwa, n'kuswera nacho kudimba akufukula mbatata ndi manja. Pochoka anapita nacho, poyesa ndi mphatso.

Thandizo lija labwera. Amayi akudzitama kuti chitenje chawo chafika ku Ulaya, komabe akugona ndi mphepo. Chonde tumizani china.

Mulungu akusungeni mumgodimo.

Ndine mlongo wanu,
Anasitaziya