Kakolo anapola, koma ndikutsimphinabe

Aphungu,

Ndine mphunzitsi wa Sitandade 2 pafupi ndi Katete. Mu Juni tikusewera mpira ndi anyamata a ku Sinda ndinaponda pa dzenje n'kubinya kakolo. Kwathu kuno amati wobinya amutikite mayi wobereka mapasa, choncho anandikweza pa njinga kupita kwa amake Ottilia.

Mayiwa amayamba ndi kuthowa, kenaka amadzola mafuta a nsatsi n'kumakankha ndi chala chachikulu pang'onopang'ono, kuchokera kuphazi kukwera ku katumba. Wobweretsa madzi ofunda ndi mwana wawo Ottilia. Akagwada, nthunzi imamuphimba nkhope, ine n'kuiwala ululu. Ngakhale m'kalasi ndimangoona nthunziyo pa bolodi, choko chili m'manja, ana akudikira. Ndimamukonda, Aphungu.

Kakoloyo anapola mu Julayi, koma ndimatsimphinabe dala. Ndikangofunsira, mayiwa asanduka apongozi, oti sindingakhale nawo mphasa imodzi, ndiye ulendo wa masana aliwonse uthera pomwepo. Akandikana ndiye ndataya zonse. Tsono mnyamata wina wa m'mudzi mwawo, Ackson, wabwera kuchokera ku Halale ndi galamafoni, ndipo dzulo Ottilia anati, "Aphunzitsi, simunamve mmene ikuimbira?" Nditani?

T.B., Katete

Aphunzitsi,

Dzukani, kwacha. Galamafoni siidikira munthu wotsimphina.

Tiyambe ndi mwendo. Mayiwa ntchito yawo amaidziwa: kutikita kokweza m'mwamba, pa mnofu osati pa fupa, kumachotsadi kutupa. Koma mukadzabinyanso, masiku awiri oyamba vikani phazi m'madzi ozizira, zothowa pambuyo. Mukalephera kuponda, pitani kuchipatala, mwina ndi fupa. Panopa ziimani ndi mwendo umodzi m'mawa uliwonse, ndipo mangani kakoloyo ndi nsalu musanalowe m'bwalo la mpira. Kutsimphina kwabodzaku kukupweteketsani chiuno chenicheni.

Tsono za mtima. Loweruka likubwerali tumani amalume anu akaonekere kwa amalume ake a Ottilia. Inde, mayiwa adzayamba kukupatukirani m'njira. Umenewo ndi ulemu, ndipo madzi ofunda adzakhala akubwerabe, m'nyumba mwanu.

Chenjerani ndi chimodzi: musaganize kuti mwapusitsa munthu. Zala zimene zatikita akakolo a mudzi wonse zinadziwa mu Julayi momwemo kuti mwachira. Ngati mayiwa akuwonongabe nkhuni ndi mafuta awo pa mwendo wabwinobwino, sakudikira kakolo wanu. Akudikira amalume anu, ndipo nkhuni zimatha.

Aphungu