Lamulo Lochotsa Mawu a Amayi

Okondedwa achimwene,

Muli bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana? Msana uja unaleka kukuvutitsani, kapena mukunyamulabe katundu ngati kamnyamata? Kuno tilipo. Abambo ali bwino, kupatula ukali. Amayi ayamba kugwira okha kapu ndi dzanja lamanzere, koma chidwalireni sitiroko ija pakamwa pawo sipanatulukebe liwu.

Ndasankha kalata chifukwa pafoni mumandidula ndisanafike pakati, ndipo nkhaniyi ngakhale mwiniwakene yandizunguza mutu.

Inu mumauza anthu kuti mlongo wanu amakonza makompyuta. Sindikonza ayi. Kuno ku ofesi ya kafukufuku ndikupanga pulogalamu yosungira zomwe ofufuza amatolera: mayankho a anthu, zotsatira za magazi, ndi mawu ojambulidwa. Ndinaitcha nkhokwe. Ilibe mabatani kapena zithunzi. Umatsegula windo lakuda n'kulemba zomwe ukufuna. Ukalemba "nkhokwe sunga", imasunga fayilo. Ukalemba "nkhokwe funa", imakufunira. Ukafuna kuiuza zambiri umawonjezera mawu okhala ndi timizere tiwiri kutsogolo, monga "--chaka". Ntchito yanga ndi kusankha mawu amenewa kuti ngakhale munthu wotopa asalakwitse.

Malamulo awiriwo, "sunga" ndi "funa", sanandivute. Londisowetsa mtendere ndi lachitatu, "nkhokwe chotsa", logwiritsa ntchito munthu akatuluka m'kafukufuku.

Abwana athu, mayi oyenda ndi magalasi awiri, ena pamphuno ena pamutu, akuti anthu tinawalonjeza kuti akatuluka zawo zidzafufutidwa. Ndiye lamulolo lizingofunsa kuti inde kapena ayi, kenako lizifufuta basi. Mnzanga wowerengera zotsatira, yemwe timamutcha Mwinamwake poti sanayankhepo funso molunjika, akuti mwina lizingobisa fayilo kwa kanthawi, wofuna kufufutiratu aziwonjezera "--kotheratu". Nditamufunsa kuti kanthawi kake kotalika bwanji, anati mwina ndifunse abwana. Abwanawo anati wopanga ndine, ndisankhe, ndikawaonetse Lachisanu.

Ndikudziwa kuti mwayamba kuyasamula. Musaike kalatayi pansi.

Mukukumbukira kuti amayi asanadwale analowa kafukufuku wa kuthamanga kwa magazi? Ndi wathu womwewu. Anawafunsa mafunso n'kuwajambula mawu, ndipo mukuwadziwa amayi: funso limodzi, yankho mpaka tiyi kuzizira.

Tsono sabata yatha abambo anavala jekete lawo lija, n'kubwera ku ofesi osandiuza, n'kuwatulutsa amayi m'kafukufukuyo. Anandiuza madzulo akuvula nsapato. Anati anthu amenewo anamuyezayeza mkazi wawo koma anagwabe, ndiye asasunge ngakhale kutsokomola kwake. Ndinayesa kufotokoza kuti kafukufuku si mankhwala. Anati ndikuikira kumbuyo ondilemba ntchito.

Achimwene, ndafufuza m'mafoni onse a pakhomo pano. Zithunzi za amayi zilipo mbwee, koma mawu awo mulibe. Kukambako ankakamba kutacha mpaka kuda, ndipo palibe mmodzi wa ife anaganiza zowajambula. Ndikuchita mantha kuti mawu awo atsala pamalo amodzi okha, ndipo chofufutira chake ndikupanga ndine.

Fayilo yawo sindinaimvere, sindikuidziwa n'komwe. Mafayilo amayenda ndi manambala, mayina amasunga abwana okha. Ndikungodziwa kuti ili m'gulu limene tidzayambire lamulolo likavomerezedwa.

Ndiye onani zomwe ndikuchita. M'mawa ndimalemba lamulo lobisa, ndipo zifukwa zake n'zomveka: anthu amalakwitsa nambala, ena amasintha maganizo. Masana ndimalifufuta, poti ndimadzifunsa kuti pakanapanda amayi ndikanaganiza choncho? Dzulo ndinaligawa pawiri, "bisa" ndi "fufuta". Mwinamwake anayang'ana n'kunena kuti mwina anthu azisokoneza, mwinanso ayi. Ndinatsala pang'ono kumugenda ndi kiyibodi.

Palinso anthu ena amene anatuluka pa zifukwa zawo, ena mwina anaulula zinsinsi za m'nyumba. Ofufuza anawauza kuti zonse zidzafufutidwa. Ndiwasungire mawu awo mobisa chifukwa cha mtima wanga ine? Zimenezo zikundichititsa manyazi. Abwana sindinawauze kuti nkhaniyi ikundikhudza. Ndikawauza andichotsa pa lamuloli, ndipo sindikudziwa ngati ndingasangalale kapena kulira.

Ndinawafunsa amayi eni ake ndikuwapesa tsitsi. Ndinafotokoza pang'onopang'ono, zonse. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kundifinya dzanja. Koma amafinya chimodzimodzi akafuna madzi, komanso akafuna kuti ndiwasiye agone.

Pempho langa ndi ili. Imbirani abambo Lachisanu lisanafike. Inu amakumverani, ine amandionabe ngati kamwana kotuma mchere. Musawauze kuti analakwa, mukatero basi zathera pomwepo. Ingowapemphani kuti abwerenso ku ofesi akapemphe mawu a amayiwo asanafufutidwe, poti abwana amanena kuti banja lililonse lili ndi ufulu wotero. Akatero ndilemba lamulo langa mtima uli m'malo. Akakana, ndiuzeni inuyo chochita, chifukwa nzeru zandithera.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo ana muwauze kuti azakhali awo sanawaiwale. Mulungu akusungeni nonse. Abambo akupereka moni. Amayi nawonso, ndikuganiza choncho. Nditawauza kuti ndikulembera inu anatsegula pakamwa, ine n'kudikira cholembera chili m'manja, kenako anatseka.

Ine mlongo wanu wamng'ono