Mbande za Kambuzi za Alamu Anu

Chawama, Lusaka
20 Okutobala 2024

Okondedwa achemwali anga a Hafswa,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira muli bwino ku Liwonde pamodzi ndi ana. Kuno tili moyo, kungoti dzuwa la mwezi uno latiwotcha mpaka m'mafupa. Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa nyumba za kuno n'zogundana, ukatsokomola a khomo linalo amakufunsa ngati wamwa mankhwala.

Pempho langa ndi laling'ono. Mupite kwa Nsanama, kumudzi kwa alamu anu a Sultan, mukafunse ngati alipo anasunga mbewu ya tsabola wa kambuzi wa m'dimba la malemu amayi awo. Mukaipeza mupatsire munthu wokwera basi ya ku Lusaka. Alamu anuwo asadziwe. Chifukwa chake ndikuuzani, ngakhale dzanja likulemera.

Paja pochokera kumaliro chaka chatha anabwera ndi tinjere pang'ono m'kapepala ka shuga. Pakhomo pano palibe polima, ndipo nkhuku za anthu sizisiya kanthu, ndiye anakonza kachipinda kakuseri kaja tinkasungiramo makala. Anachotsa malata awiri n'kuikapo oonekera kuti dzuwa lizilowa, nafesa m'zitini ndi m'mabotolo odula. Zinamera mbande makumi atatu ndi ziwiri, ndipo ankaziwerenga m'mawa uliwonse asanandipatse moni ine.

Kutentha kutafika, kachipindako kanasanduka uvuni, masamba n'kuyamba kufota. Apa m'pamene analowererapo Felistus, mayi wa nyumba yoyandikana nafe, wosakwatiwa, amene anagwirapo ntchito pa famu ya maluwa. Mukanamuona, achemwali, manja m'chiuno, akulamula mwamuna wa mwini ngati wake.

"BaSultan, mphepo yakupya imakwela pamwamba. Boolani pamwamba ichoke, na pansi futi ingene yozizila."

Alamu anu, amene ndawapempha shelefu ya m'khitchini kwa zaka zitatu, anaboola khoma tsiku lomwelo. Anapaka laimu pa malata oonekera aja kuti dzuwa lichepe mphamvu, napachika masaka onyowa pazenera. Madzi onyowetsera masakawo ndi omwe ndimakatunga ine ndi mutu wangawu. Zonsezi ndinapirira. Koma tsiku lina ndinapeza fani ija munandigulira pa ukwati wanga yasamuka kuchipinda kwathu, ikupepeta tsabola. Akuti Felistus wati izithandiza kutulutsa mpweya wotentha magetsi akakhalapo.

Awiriwo ankagwada m'kachipindamo, mitu pafupi, akuyang'ana tsamba limodzi n'kumaseka. Ndinene zoona, sindinawaonepo akuchita choipa. Koma kuseka koteroko ine ndinakumva komaliza mwana wathu Jasmin asanabadwe. Nsanje inandigwira, achemwali, sindikubisirani.

Lachisanu lapitali alamu anu anapita kumzikiti, n'kunena kuti akachoka kumeneko apitirira ku sadaka ku Marapodi. Anati chitseko cha kachipindako chikhale chotsekula, Felistus abwera masana kudzanyowetsa masaka. Sananene kuti ndinyowetse ine ayi, ngati kuthira madzi pa saka kumafuna satifiketi. Atangotuluka ndinatenga fani yanga, ndinatseka zenera ndi chitseko, n'kuikapo loko. Ndinkangofuna kuti mayiyo apeze potseka, adziwe kuti pakhomo pano pali mwini wake. Mumtima ndinati mabowo awiri aja akwanira, si iye anawatama?

Felistus anagogoda katatu. Ine ndinali pabedi, fani ikundipepeta, ndikumumvera akuitana dzina langa mpaka anatopa. Ndinakatsekula dzuwa litapendeka. Mpweya unandimenya kumaso ngati wa pambaula, masaka atauma gwaa, mbande zonse zitagona pa zitini ngati ndiwo zofutsa. Ndinabwezera fani m'kachipindamo, loko n'kubisa mu ndowa ya mpunga.

Alamu anu atafika sanakalipe. Anakhala pansi pakhomo la kachipindako, chisoti m'manja, n'kungoti amayi awo amwaliranso kachiwiri. Kenaka anaitana Felistus n'kumufunsa ngati anabwera. Mayi uja anandiyang'ana kamodzi kokha.

"Pepani baSultan, ninachedwa ku mapemphelo."

Ndiye taonani, ngakhale pa ubwino wa mtima wandiposanso. Akanandiulula bwenzi ndikudana naye mwamtendere. Pano ndikakumana naye pa mpopi ndimasowa poika maso, ndipo zimandipsetsa mtima kuposa kale.

Yatsala mbande imodzi yokha. Inali yofooka kuposa zonse, ndiye Felistus anaitengera kwake izi zisanachitike kuti akaisamalire, ili pazenera la m'nyumba mwake. Tsopano alamu anu akachoka ku swala ya m'mawa kumzikiti sakhotera kuno, amayamba alowa kumeneko kukaiona. Ndinkadandaula ali kuseri kwa nyumba yanga, pamene ndinkamva mawu aliwonse. Lero ndawatumiza ndekha m'nyumba ya mkazi wina, ndipo ndilibe pakamwa powaletsera.

Kachipinda kaja ndakasesa. Masaka ndachapa, ndikumawanyowetsa kawiri pa tsiku kuti dzanja lizolowere, ndipo chitseko chili chotsekula. Mukuzizira bwino tsopano, kungoti mulibe kanthu. Kuulula sindinaulule. Ndikuganiza kuti mbewu ikafika n'kumera m'manja mwanga, mwina pakamwa padzatsekuka.

Mundiperekere moni kwa amayi, koma kalatayi musawawerengere. Moni kwa alamu anga a Idris ndi ana onse. Jasmin akupereka moni, akuti musaiwale mpango munamulonjeza. Fani yanu ili bwino, yabwerera kuchipinda. Dzulo alamu anu anainyamula okha, naiika pafupi ndi bedi, n'kunena osandiyang'ana kuti, "Tengani, mayi a Jasmin, palibenso wolimbirana naye." Mpaka pano sindinaiyatse.

Chonde fulumirani nayo mbewuyo.

Ine mng'ono wanu,
Safia