Makala a Zitsononkho Andikanika

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Kodi chifuwa chija chinasiya kukuvutitsani? Ine kuno ndili bwino, kungoti mtima suli m'malo.

Ntchito ndi yomwe ija. Magalimoto amatitulira zinyalala za m'misika, makoko a zipatso, masamba ofota ndi zakudya zotsala, ife n'kuziunjika m'milu italiitali pansi pa shedi kuti ziwole zisanduke manyowa. Vuto ndi fungo. Makina akatembenuza mulu, limatuluka lolasa m'maso ngati la m'khola, mphepo n'kulipititsa kunyumba za kuseri kwa mpanda. Sabata yatha kunabwera mayi wina wa kumeneko, mphunzitsi wopuma. Sanakalipe. Anangondipatsira malaya a mdzukulu wawo, ochapa m'mawa womwewo, kuti ndinunkhize. Nditanunkhiza, ndinamva fungo lathu lomwe lija. Akhonsolo atipatsa miyezi iwiri. Fungoli likapanda kuchepa atitsekera, ndipo pano tilipo anthu makumi atatu.

Ndinauza abwana kuti tizisakaniza makala osinja m'milumo, poti makala ali ndi timabowo tomwe timagwira mpweya wonunkhawo. Titayesa pakamulu kamodzi ndi makala ogula, fungo linachepadi. Koma sitingamalize mitengo chifukwa cha zinyalala, choncho tiyenera kuwotcha tokha a zitsononkho ndi makoko a mtedza. Apa ndi pomwe zandivuta. Ndawotcha kanayi m'migolo, motsata mabuku ndi kachipangizo koyezera kutentha. Kawiri ndinapeza phulusa lokhalokha, kawiri zitsononkho zakuda kunja koma m'kati zosapsa. Woyendetsa thalakitala akuti ndi digiri yonseyi sindingayatse ngakhale mbaula. Anzanga amaseka, inenso ndimaseka nawo, koma mwina akunena zoona.

Bambo, inu mwawotcha makala moyo wanu wonse, ine sindinakhalepo pansi pafupi ndi uvuni wanu n'kukufunsani kanthu. Ndili kusekondale ndinkauza anzanga kuti ndinu mlimi basi. Ndikuganiza kuti munkadziwa, poti mukabwera kudzandiona munkaima kunja kwa geti, manja mutabisa kumbuyo.

Pempho langa ndi limodzi: mubwere mudzakhale nane sabata imodzi. Poyamba ndinafuna kuti mungondilembera, koma achimwene pafoni anandiseka. Akuti inu simuyang'ana wotchi, mumayang'ana mtundu wa utsi n'kugwira dothi la pauvuni, ndiye mwadziwa nthawi yotseka mabowo. Akuti zimenezo sizilembeka, munthu amaphunzira ataima pomwepo. Chipinda changa n'chaching'ono, koma bedi likhala lanu, ine ndigona pansi.

Mukakana ndimvetsa. Komabe abwana ndawauza kale, anzanga onse akumva, kuti amene angathe ntchitoyi ndi bambo anga, owotcha makala. Anangofunsa kuti mufika liti.

Mupereke moni kwa amayi, azakhali, achimwene ndi alamu, komanso ana onse.

Ine mwana wanu,
Chitsirizira